Mlandu wa Ninurta, Mulungu wa Khasu ndi Chibonga

Mkulu wina, mphunzitsi wopuma ntchito amene ndimakonda kucheza naye pakhonde dzuwa likapendeka, anaseka mpaka misozi pamene ndinamuuza kuti anthu akale a dziko la Sumer anali ndi mulungu mmodzi, dzina lake Ninurta, amene anamsenzetsa ulimi, uzimba ndi nkhondo pamodzi, ndipo atapukuta m'maso anati, "Achimwene, anthu amenewo anali osokonekera mitu, pakuti wofesa mbewu ndi wokhetsa mwazi angagone bwanji pa mphasa imodzi?" Sindinamyankhe tsikulo, popeza mkulu satsutsidwa pakhomo pake, koma funso lakelo landitsata masiku ambiri, ndipo tsopano ndifuna kuliyankha poyera, kuti Asumeri sanasokonekere konse, koma anaona chinthu chimene ife, ngakhale tili ndi masukulu ndi mabuku, timachita manyazi kuchitchula, ndicho chakuti nkhondo imabadwira m'munda, pamalire ndi pangalande. Mlandu umene ine ndili nawo pa iwo ndi wina, ndipo ulemera kuposa wa mkulu uja.

Dziko la Sumer linali kum'mwera kwa Iraq wa lero, m'chigwa cha mitsinje iwiri, Tigris ndi Euphrates, kumene kunali mzinda wa Ur umene owerenga Buku Lopatulika amaudziwa monga kwawo kwa Abrahamu. Ndipo ndi komweko, mu mzinda wa Uruk, kumene anthu anayamba kudinda zilembo pa dongo laliwisi ndi kabango zaka ngati 3200 Khristu asanabadwe. Wofuna kumvetsa milungu ya anthu amenewa ayambe wamvetsa nthaka yawo. Ndi dziko lathyathyathya, lopanda mapiri, losowa miyala ndi mitengo ya mitanda, kumene mvula ya chaka chonse siikwanira kukhwimitsa barele, kotero kuti moyo wa munthu ndi wa choweta unapachikika pa madzi a mtsinje. Ndipo mitsinjeyo, monga ngati inapangana kuzunza mlimi, imadzaza m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, pamene chipale chofewa cha m'mapiri a kumpoto chisungunuka ndi mbewu zili pafupi kukololedwa, nkuphwa m'nyengo yofesa pamene madziwo afunika. Chifukwa chake anthuwo anakumba ngalande, naunda makoma a dothi m'mbali mwa mitsinje, nachotsa matope m'ngalandemo chaka ndi chaka. Ndipo aliyense amene analimapo dimba kumunsi kwa mnzake pa mfuleni umodzi adziwa popanda womuuza kuti wokhala kumtunda kwa madzi wagwira khosi la wokhala kumunsi.

Ninurta anali mwana wa Enlil, mkulu wa bwalo la milungu, ndipo kachisi wake wotchedwa Eshumesha anali mu mzinda wopatulika wa Nippur. Koma ku Girsu, m'dziko la Lagash, ankampembedza m'dzina la Ningirsu, ndiko kunena mwini Girsu, ndipo mayina awiriwa anasakanizika kalekale monga madzi a pamathiriro. Chizindikiro chake chosemedwa pa miyala ya malire chinali pulawo. Patsala kufikira lero malangizo a ulimi, mizere yopitirira pang'ono 100, imene ana a m'sukulu za alembi ankaikopera zaka ngati 1700 Khristu asanabadwe, m'mene mlimi wokalamba alangiza mwana wake ntchito ya chaka chathunthu: kuyendera makoma ndi ngalande asanatsegule madzi, kupenyetsetsa kuti madziwo asapyole muyeso m'munda, kukonzeratu zida nyengo isanafike, kusamala kuti mbewu igwe m'nthaka mozama mofanana, kuthirira barele kanayi, ndi kumkolola pa tsiku lake ndi anthu atatuatatu, wina wodula, wina womanga mitolo. Muli ngakhale mwambo wopirikitsa mbewa pamene mbewu zamera, ndipo pamenepa ndinaseka inenso, poona kuti anthu amene kuwerenga kwawo kwa 60 kudakali m'mphindi za mawotchi athu ankavutika ndi kanyama komwe kaja kamene anyamata amakakumba m'chilimwe. Malangizowo atha ndi kunena kuti mwini wake ndi Ninurta, mlimi wokhulupirika wa Enlil. Tsono mwana wa m'sukulu ya alembi ankatopa dzanja ndi kulemba za mizere ya barele m'dzina lake.

Nanga uzimba ulowa pati? Funso limeneli angalifunse munthu wobadwira m'tauni, amene ufa amauonera m'thumba. Koma iye amene anagonapo m'chilindo mwezi wathunthu, nalimbana ndi udzudzu ndi tulo poopa kuti nguluwe zingamalize usiku umodzi thukuta la miyezi isanu, adziwa kuti kulima ndi kulinda ndi ntchito imodzi ya manja amodzimodzi. M'mabango a m'mphepete mwa Euphrates munkabisala nguluwe, kuchipululu kunkachokera mikango yogwira nkhosa ndi abusa omwe (ndipo mikangoyo inakhalabe m'dzikolo kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900), ndi kumwamba kunkatsika dzombe ndi mbalame. Nthano za Ninurta zinangokuza zilombo zomwezi kufikira zitasanduka zoopsa za m'maloto: njoka ya mitu isanu ndi iwiri, nkhosa yamphongo ya mitu isanu ndi umodzi, ndi Anzu, chimbalame cha mutu wa mkango, chimene chinaba phale lolembedwapo tsogolo la zinthu zonse m'nyumba ya Enlil mwini wake ali kusamba, nichithawira nalo kumapiri, milungu ina nichita mantha kuchilondola, kufikira Ninurta anamuka nachilasa. Mitembo ya zilombozo anaipachika pa galeta lake pobwerera ku Nippur, monga mlenje apachika nyanga pakhomo. Kufikira pamenepa palibe chodabwitsa, pakuti wosaka ameneyu ndi mlonda wa munda.

Nthano imene iulula bwino mtima wa Asumeri ndi ya nkhondo ya Ninurta ndi chiwanda chotchedwa Asag, ndipo ndipempha owerenga kuti apenyetsetse mapeto ake koposa chiyambi chake. Asag anakulira kumapiri, nasonkhanitsa khamu lankhondo la miyala. Ninurta anamka kukakomana naye atanyamula Sharur, chibonga chake cholankhula, chimene chinkauluka kukazonda adani nkubwera kudzanena, ndiponso kukapempha uphungu kwa Enlil pamene nkhondo inafika povuta. Atagonjetsa chiwandacho, ngwaziyo sinakhale pansi kuwerenga mitu ya adani, pakuti m'dziko munali njala: madzi ozizira a m'mapiri ankangomwazika kosapindula, Tigris osadzaza, minda ili gwaa, ndipo milungu yomwe inkagwira khasu ndi dengu monga anthu a thangata. Pamenepo Ninurta anatola miyala ija naiunjika ngati linga, natsekereza madziwo, nawalozera mu Tigris, ndipo minda inabala barele, nkhokwe nizidzala. Kenaka anakhala pabwalo naweruza miyalayo umodziumodzi. Umene unamuukira anautemberera kuti ukhale wopera, wonolera kapena wogamphulidwa, ndi umene unamgwadira anaudalitsa kuti usemedwe mafano a mafumu. Taonani chimene wopeka nthanoyo anachiyesa chipatso cha nkhondo: madzi kufika m'munda. Mdani anali chilala ndi chisokonezo, ndipo nkhondoyo inathera pa damu. Ndikadakhala woweruza Asumeri pa nthano iyi yokha, ndikadawamasula dzuwa lisanafike pamutu.

Koma mtundu wa anthu suweruzidwa ndi nthano zake zokha, ayi, uweruzidwanso ndi chimene unachita nazo nthanozo. Pakati pa dziko la Lagash ndi mzinda wa Umma, umene unali kumtunda kwa madzi pa mtunda wa makilomita ngati 30 okha, panali chigwa chachonde chotchedwa Guedena. Ndipo chifukwa cha chigwachi abale awiriwa, olankhula chinenero chimodzi, ogwadira Enlil mmodzi, anaphana zaka ngati 150. Mbiri yake tiidziwa makamaka mwa zolemba za Entemena, mfumu ya Lagash ya zaka ngati 2400 Khristu asanabadwe, ndipo ngakhale ndi mawu a mbali imodzi, pakuti a ku Umma anatisiyira ochepa, aliyense amene anakhalapo pabwalo pomva mlandu wa malire adzaizindikira ngati ya kumudzi kwawo. Poyamba mfumu ya kutali, Mesilim wa ku Kish, anadza monga mkhalapakati, nayesa mundawo ndi chingwe, naimika mwala wa malire. Pambuyo pake Ush wa ku Umma anazula mwalawo. Eannatum wa ku Lagash anamenya nkhondo, napambana, nakumba ngalande ya malire, nabwezera mwala wa Mesilim pamalo pake, nalumbiritsa mfumu ya Umma pa milungu ikuluikulu kuti siidzadumphanso; ndipo analola a ku Umma kulima gawo la chigwacho mobwereka, kuti azipereka barele monga ngongole ya chiwongoladzanja. Ngongoleyo inatupa chaka ndi chaka kufikira inaposa chimene munda ungabale, ndipo Urlumma, amene anadzalowa ufumu wa Umma, poona kuti sangaibweze, anapatutsa madzi a m'ngalande, natentha miyala ya malire, nagumula tiakachisi ta pamalirepo, nalemba ganyu ankhondo achilendo; koma anagonja, nathawa, nasiya magulu 60 a abulu okoka magaleta m'mbali mwa ngalande, mafupa a anthu ake ali mbwee m'chigwa. Wolowa m'malo mwake, Il, amene anali mkulu wa kachisi, anayambira pomwepo kunena kuti ngalandeyo ndi yake. Mlandu suola, anatero akale. Uwu sunaole mibadwo isanu.

Chimene chinauletsa kutha, m'kuona kwanga, chili m'mawu oyamba a Entemena yemweyo, pakuti iye sayamba ndi kunena kuti anthu awiri anakangana pa munda, koma kuti Enlil mwini ndiye anadula malire pakati pa Ningirsu, mulungu wa Lagash, ndi Shara, mulungu wa Umma. Ndipo m'zolemba za Lagash chigwa cha Guedena chitchedwa munda wokondedwa wa Ningirsu. Munda wa munthu ungagawidwe: akulu akhala pansi pa mtengo, wina ataya mizere itatu, wina apereka mbuzi, onse nkumwera chipanda chimodzi. Koma munda wa mulungu adzaugawa ndani, ndipo ndi mfumu iti imene ingabwerere kwa ansembe ndi kunena kuti yataya mkono umodzi wa cholowa cha mwini kachisi kuti ana a anthu aleke kufa? Kuyambira tsiku limene chigwacho chinalembedwa m'dzina la Ningirsu, kugonjerana kunasanduka tchimo, ndi kuuma mtima kunayesedwa chipembedzo.

Wopita ku Paris, m'nyumba yosungiramo zakale ya Louvre, adzaona zidutswa za mwala umene Eannatum anauimika zaka ngati 2450 Khristu asanabadwe, zofukulidwa pa chulu cha Tello, ndiye Girsu wakale, kumene Mfalansa Ernest de Sarzec anayamba kukumba m'chaka cha 1877. Mbali imodzi asilikali ayenda mothithikana kumbuyo kwa zishango, ali kuponda mitembo, ndipo pamwamba pawo miimba iuluka itanyamula mitu ya anthu kukamwa. Mbali inayo Ningirsu, wamkulu kuposa onse, wagwira ukonde wodzaza anthu amaliseche opiringizana ngati matemba, ndipo mmodzi amene watulutsa mutu ali kumkhoma ndi chibonga. Ukonde ndi womwe uja wa mlenje, chibonga n'chomwe chija chimene chinaswa Asag. Yasintha ndi nyama yokha. Mlimi wa ku Umma, wa khasu lofanana, wa ana olira njala yofanana, walowa m'malo a nguluwe. Apa ndi pamene ndiwaimba Asumeri mlandu.

Wina akanena kuti iwo anakhulupiriradi kuti ali kumenyera mulungu wawo, sinditsutsa, pakuti msilikali wofera m'ngalande sanali wachinyengo. Koma mboni ina ya ku Lagash komweko itiululira amene ankadya za m'munda wa mulunguwo. Urukagina, amene analowa ufumu mkanganowo uli pafupi kutha, polemba zoipa zimene anazipeza, anena kuti ng'ombe za milungu zinkalima minda ya anyezi ya mfumu, kuti minda yokoma ya akachisi inali itasanduka madimba a anyezi ndi nkhaka a wolamulira, kuti akapitawo olanda abulu, nkhosa ndi mabwato anali ponseponse, ndi kuti ngakhale woika maliro ankalipitsa ofedwa mitsuko 7 ya mowa ndi mikate 420. Iye anatsitsa malipirowo kufika pa mitsuko 3 ndi mikate 80, napangana ndi Ningirsu kuti mkazi wamasiye ndi mwana wamasiye asaperekedwe m'manja mwa wamphamvu. Koma anachedwa, pakuti Lugalzagesi wa ku Umma anadza natentha akachisi a Lagash, nafunkha siliva ndi miyala ya mtengo wake, ndipo mlembi wa Lagash analibenso china chochita koma kulemba kuti tchimolo lisenzedwe ndi Nisaba, mulungu wamkazi wa wopambanayo, amene (taonani tsoka lake) anali mulungu wa tirigu ndi wa kulemba. Chakudza sichiimba ng'oma: patapita zaka zowerengeka, Sargon wa ku Akkad, munthu wa chinenero china, anagonjetsa Lugalzagesi, namkokera ku chipata cha Enlil ku Nippur ali m'goli, natenga Umma, Lagash ndi chigwa chomwe chija. Sargon ameneyu ndiye anadzitama kuti amuna 5,400 ankadya pamaso pake tsiku ndi tsiku. Ndipo barele wa amuna amenewo sanagwe kumwamba. Mkondo umene unali mlonda wa khasu unali utasanduka mbuye wake.

Chondiwawa n'chakuti anthu amenewa ankaidziwa njira ina, ndipo ankaiphunzitsa ana awo. Anali ndi nthano ya mbusa Dumuzi, yemwe uja Tamuzi amene mneneri Ezekieli anaona akazi ali kumlira pachipata cha kachisi, ndi mlimi Enkimdu, olimbirana Inanna, mulungu wamkazi wa chikondi amene analinso wa nkhondo. Namwaliyo anayamba wakonda mlimi. Mbusa anadzitama ndi mkaka ndi ubweya wake, namlanda, nafunanso ndewu. Koma mlimiyo anakana kumenyana, nauza mnzakeyo kuti nkhosa zake zidye m'mphepete mwa mtsinje ndi kumwa m'ngalande yake, ndipo anathera kuitanidwa ku ukwati, kumene anatula tirigu ndi nyemba. Owerenga Genesis akumbukire umo unathera mkangano wa mlimi Kaini ndi mbusa Abele, ndipo adzaona kuti pano Asumeri sanali otsalira. Analinso ndi mkangano wa khasu ndi pulawo, umene ndiukonda koposa zonse zimene anasiya: pulawo idzikuza kuti pa chikondwerero mfumu yomwe igwira zigwiriro zake, ng'oma zili kulira, khasu liyankha kuti ilo ligwira ntchito miyezi 12 pamene pulawo igwira inayi yokha, kuti ilo ndilo litseka khoma logumuka ndi madzi, liumba njerwa, limanga nyumba ya wosauka, ndiponso lilambulira pulawoyo njira, ndipo Enlil, atamva mbali zonse, aweruza mokomera khasu.

Ngakhale ku Girsu komweko kunadzauka mfumu imene inamva Ningirsu mwa njira ina. Gudea, amene analamulira Lagash zaka ngati 2130 Khristu asanabadwe, analota mulunguyo ali kumuuza kuti am'mangire kachisi wa Eninnu, namlonjeza mvula, madzi odzaza ngalande ndi zokolola zochuluka. Ndipo m'zolemba zake zambirimbiri, zimene zina zili pa migubu iwiri ikuluikulu ya dongo ku Louvre, nkhondo aitchula kamodzi kokha, koma atha mizere mazanamazana kusimba za mikungudza yochokera kumapiri a Amanus, za miyala yakuda ya ku Magan, za umo iye mwini anasenzera dengu pamutu naumba njerwa yoyamba, ndi za masiku asanu ndi awiri a chikondwerero m'mene ngongole zinakhululukidwa ndi kapolo anayenda pambali pa mbuye wake. Mafano ake amuonetsa atapinda manja, wina ali ndi mapulani a nyumba pa maondo. Mulungu anali yemweyo wa pa mwala wa miimba. Wosiyana anali womtumikira.

Chimene chinaphuka pa mwala wa miimba chinakakhwimira kumpoto, m'dziko la Assyria, limene Buku Lopatulika lilitcha Asuri. Kumeneko, patapita zaka zoposa 1,000, mafumu anamtenga Ninurta monga mulungu wa nkhondo ndi uzimba, pulawo ija naisiya kuseri kwa chitseko. Tukulti-Ninurta woyamba, amene dzina lake litanthauza kuti chikhulupiriro changa chili mwa Ninurta, anapasula Babylon. Tiglath-pileser woyamba anadzitama kuti mwa lamulo la Ninurta anapha mikango 120 ali pansi ndi ina 800 ali pa galeta. Ndipo Ashurnasirpal wachiwiri, amene analamulira kuyambira 883 kufikira 859 Khristu asanabadwe, atamanga likulu lake ku Kalhu, analembetsa m'kachisi wa Ninurta mbiri ya nkhondo zake, m'mene asimba mosaphethira za kusenda anthu khungu, kuwapachika pa zichiri ndi kuwadula manja, ndi zina zimene cholembera changa chikana kuzitsata. Ndinene chilungamo, mfumu yomweyo inakumba ngalande yochokera ku mtsinje wa Zab, nibzala minda ya zipatso, nidyetsa alendo 69,574 masiku khumi. Koma mzindawo unadzazidwa ndi anthu ogwidwa, ozulidwa m'minda ya makolo awo. Mapeto a uzimba umenewu aoneka pa miyala yosemedwa ya Ashurbanipal ya ku Nineveh, ya zaka ngati 645 Khristu asanabadwe, imene ili ku British Museum mu London: mikango ituluka m'makola a matabwa, kamtumiki kakang'ono kali kutukula chitseko, asilikali ndi agalu atazinga bwalo kuti isathawe, ndi mfumu ili kuilasa pamaso pa openya. Mkango umenewo sunagwire nkhosa ya munthu tsikulo. Anausunga, naudyetsa, kuti ufe pa ora loikika. Nineveh anagwa m'chaka cha 612 Khristu asanabadwe, ndipo mneneri Nahumu sanapeze womlira.

Akatswiri ambiri ayesa kuti Nimrode wa m'chaputala 10 cha Genesis, mpalu wamphamvu uja amene ufumu wake unayambira ku Babele, Ereke ndi Akadi nufika ku Nineve ndi Kala, ndi mthunzi wa Ninurta. Ndipo Kala ameneyo ndi Kalhu, chulu chimene anthu a kumeneko achitcha Nimrud kufikira lero. Ngati ndi tero, taonani chimene chinatifika: mlenje ndi womanga maufumu, wopanda khasu, wopanda ngalande, wopanda ngakhale ngala imodzi ya barele, pakuti Aisraeli anamdziwira pa nsonga ya mkondo wa Asuri.

Sindine mwana kuti ndinene kuti munda ungakhale wopanda mlonda. Anthu a kumapiri anatsikiradi m'chigwacho kudzafunkha, ndipo Ur anapasulidwa ndi Aelamu cha m'ma 2004 Khristu asanabadwe. Mzinda wopanda linga ukadatha msanga. Chimene nditsutsa ndi mphamvu imene mafumu anadzitengera yoloza munthu aliyense ndi kumutcha chilombo m'dzina la mulungu wa munda, pamene chilombo chenicheni chinali kukwera mwakachetechete pansi pa mapazi awo. M'chaka cha 1958 akatswiri awiri, Thorkild Jacobsen ndi Robert Adams, atawerenga mabuku a zokolola a akachisi, ananena kuti madzi othirira mopyola muyeso, opanda kotulukira, anakweza mchere m'nthaka ya kum'mwera, kotero kuti tirigu, amene sapirira mchere, anazimirira pang'onopang'ono nasiya barele; ndipo ngakhale ena anadzatsutsa kukula kwa vutolo, mchere woyera ngati phulusa uoneka m'minda ya kum'mwera kwa Iraq kufikira lero. Asag weniweni anali ameneyo, ndipo chibonga sichimgwira. Madzi saiwala khwawa, ndi mkangano wa madzi suiwala chigwa chake: mitsinje iwiri ija yaphwa tsopano kuposa kale, madamu a Atatürk ndi Ilısu ali kumtunda m'dziko la Turkey, ndi alimi a chigawo cha Dhi Qar, kumene kuli chulu cha Tello, ali kusiya minda. Ku Nimrud nako, m'chaka cha 2015, anthu a gulu la Islamic State, odzitcha ankhondo a Mulungu, anaphulitsa nyumba ya Ashurnasirpal, ndipo chaka chotsatira nsanja ya njerwa ya pambali pa kachisi wa Ninurta inasalazidwa.

Mikango ya Ashurbanipal ili ndi chipinda chakechake ku London, ndipo zithunzi zake zili m'mabuku a mbiri. Koma timapale ta malangizo a mlimi ndi ta mkangano wa khasu ndi pulawo, tambiri tofukulidwa ku Nippur, tagona m'madirowa a ku Philadelphia ndi ku Istanbul, todziwika kwa akatswiri okha. Ife amene tinabadwa ndi mpini m'manja ndife oyenera kutimva koposa iwo. Ndipempha tsono ophunzira athu a m'makoleji, ndi abusa amene aphunzitsa za Nimrode ndi Abrahamu, kuti wina mwa iwo atitembenuzire zolemba ziwirizi m'Chichewa, kuti ana athu adziwe kuti mulungu uja anayamba wagwira khasu asanagwire chibonga. Zonse pamodzi mizere yake ingopitirira pang'ono 300, ndipo munthu wakhama angaimalize dzinja limodzi.